Kuchita Sewero la Kusukulu Nthawi ya Mliri: Mafunso ndi Mayankho

Bungwe la zaumoyo la WHO litalengeza pa 11 Marichi 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse, zisudzo zinali m'gulu la zinthu zoyambirira kuimitsidwa, moti nyumba zikuluzikulu zoonetsera zisudzo za ku Broadway mumzinda wa New York zinatsekedwa tsiku lotsatira lomwelo. Masukulu atatsegulidwanso, aphunzitsi ambiri a zisudzo anasowa pogwira. Ngakhale kuti pa 5 Meyi 2023 bungweli linalengeza kuti matendawa salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, malamulo a mliri ochepetsa misonkhano akhoza kubweranso nthawi iliyonse pamene matenda ofalikira mumpweya abuka, choncho mayankho otsatirawa ndi ofunikabe.

Kodi sukulu ingachite sewero pamene malamulo a mliri akugwira ntchito?

Ingachite, malinga ngati akuluakulu a zaumoyo ndi a zamaphunzo sanaletseretu misonkhano. Mphunzitsi wotsogolera sewero asanagawe mbali kwa ana, apite kwa mphunzitsi wamkulu akamve zinthu zitatu, ndipo zilembedwe: chiwerengero cha anthu ololedwa kusonkhana malo amodzi, ngati makolo ndi alendo akuloledwa kulowa pasukulu, komanso zimene lamulo likunena pa nkhani ya masiki. Malamulo a mliri amasintha mwadzidzidzi, nthawi zina kutangotsala masiku ochepa, ndiye ndi bwino kukonzekera sewero limene lingachitikebe ngakhale oonerera ataletsedwa.

Kodi chiopsezo chachikulu chili pati?

Chili mumpweya wa m'chipinda chimene ana akuyesereramo. Kachilombo ka COVID-19 kamatuluka m'kamwa ndi m'mphuno mwa munthu wodwala kudzera m'timadontho, tina tikulutikulu timene timagwa pafupi, tina ting'onoting'ono kwambiri timene timayandama n'kumachulukana m'chipinda chotseka ngati utsi. Munthu akhoza kupatsira anzake iye asanayambe kumva kudwala kulikonse.

Zimene zinachitikira kwaya ina ya m'chigawo cha Skagit ku Washington, m'dziko la America, mu Marichi 2020, ziyenera kudziwika ndi aliyense wotsogolera zisudzo. Anthu 61 anasonkhana kuphunzira nyimbo kwa maola awiri ndi theka, ndipo mmodzi wa iwo anali ndi zizindikiro za matendawa. Pambuyo pake anthu ena 52 anapezeka ndi kachilomboka kapena anasonyeza zizindikiro zake, ndipo awiri anamwalira. Chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya Bristol anapeza kuti chimene chimachulukitsa kwambiri timadontho toyandamato ndi kukweza mawu, kaya munthu akuimba kapena akungolankhula. Apa ndi pamene pali vuto lathu, chifukwa chinthu choyamba chimene timaphunzitsa mwana wa zisudzo ndi kutulutsa mawu mpaka amveke kwa munthu wokhala pampando wakumbuyo.

Ndikuona kuti masukulu ambiri anataya mphamvu zochuluka popukuta mipando ndi zitseko kwinaku mazenera ali otseka. Kupukuta n'kwabwino, koma kutenga kachilomboka pogwira zinthu n'kosowa poyerekeza ndi kukapuma. Tiyeneranso kukumbukira kuti tsiku la chionetsero ndi limodzi kapena awiri okha, pamene zoyeserera zimatenga milungu yambiri, ana omwewo akukumana m'chipinda chomwecho.

Nanga zoyeserera zichitike bwanji?

Ngati nyengo ilola, zichitikire panja. Zikachitikira m'nyumba, sankhani chipinda chachikulu koposa, tsegulani mazenera ndi zitseko za mbali zoyang'anizana kuti mpweya uzidutsa, ndipo pakatha mphindi pafupifupi 30 anthu onse atuluke kuti mpweya usinthike. Sukulu imene ili ndi kachipangizo koyezera mpweya wa carbon dioxide, umene timatulutsa popuma, ikagwiritse ntchito poona ngati mpweya ukusinthika m'chipindamo: panja mpweyawu umakhala pang'ono kupitirira 400 ppm (magawo 400 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wonse), ndipo pamalo pamene anthu akuimba kapena kufuula ndi bwino kuti usapitirire 800 ppm.

Za mtunda, WHO inalangiza kuti anthu azitalikirana mita imodzi kapena kuposa, pamene bungwe loona za matenda la CDC la ku America linanena mamita pafupifupi awiri. Poimba ndi pokuwa, tengani mtunda wokulirapowo, ndipo ana aziyang'ana mbali imodzi m'malo moyang'anizana. Ikani zizindikiro pansi ndi choko kapena tepi, chifukwa mwana akatengeka ndi mbali yake amasendera kwa mnzake asakudziwa.

Itanani okhawo amene akupezeka m'gawo limene mukuyeserera tsikulo, ndipo lembani m'kaundula mayina a amene anabwera, ola limene anafika ndi gulu limene anali. Kaundulayu amaoneka ngati ntchito yachabe mpaka tsiku limene mwana mmodzi wapezeka ndi kachilombo n'kufunika kudziwa amene anali naye pafupi. Kusankha sewero nakonso kumathandiza: sewero la anthu ochepa, kapena timasewero tifupitifupi tingapo timene gulu lililonse lili ndi kake, n'losavuta kuteteza kusiyana ndi sewero la nyimbo limene limafuna ana ambiri pasiteji nthawi imodzi.

Kodi ana azivala masiki ngakhale ali pasiteji?

Ngati lamulo likutero, azivala. Malangizo a WHO ndi UNICEF a 2020 anati ana a zaka 12 kupita m'tsogolo azivala masiki monga akuluakulu, a zaka 6 mpaka 11 zizitengera mmene matenda afalikira, ndipo a zaka 5 kutsika m'munsi asakakamizidwe. Chotchinga nkhope cha pulasitiki choonekera chija chimakopa otsogolera zisudzo chifukwa nkhope ya mwana imaoneka, koma n'chotseguka m'munsi ndi m'mbali, kotero sichilowa m'malo mwa masiki.

Masiki imameza mawu ndipo imabisa theka la nkhope. Mankhwala ake ndi kulankhula modekha, kutchula zilembo momveka, ndi kugwiritsa ntchito maikolofoni kuti mwana asachite kukuwa. Ayesererenso atavala masiki yomweyo imene adzavale tsiku la chionetsero, ndipo akhale ndi ina yosinthira chifukwa yonyowa ndi thukuta sigwira bwino ntchito.

Nanga magawo ofuna kukumbatirana, kumenyana kapena kugwirana manja?

Asinthidwe, ndipo kusinthako sikuwononga sewero ayi. Taganizirani gawo limene mwana wasowa kwa zaka zambiri n'kubwerera kwa mayi ake. M'malo mothamangirana, mwanayo aima pakhomo, katundu ali m'manja. Mayi aja atembenuka, chimene ananyamula chigwa pansi, atambasula dzanja koma miyendo ikukanika kuyenda. Onse awiri akhala chete kwa kamphindi, mtunda wa mamita awiri uli pakati pawo. Oonerera amadzaza okha mpata umenewo ndi chisoni chawo, ndipo kawirikawiri gawo lotere limakhudza mtima kuposa kukumbatirana kwa ana amanyazi. Ndewu ikhoza kuonetsedwa ndi zithunzithunzi kuseri kwa nsalu yowunikiridwa, kapena ichitikire kunja kwa siteji, oonerera azingomva phokoso lake. Ngati sewero linalembedwa ndi munthu wina, funsani kaye eni ake musanasinthe mawu.

Kodi kuseri kwa siteji kuyendetsedwe bwanji?

Kumeneku ndi kumene malamulo amaiwalika msanga. Malo ake amakhala opanikiza, amdima ndi opanda mazenera, ndipo ana amaunjikana, akunong'onezana pafupi ndi khutu podikira nthawi yawo. Pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi yoyang'anira kumeneko basi. Ana abwere atavaliratu zovala za sewero kunyumba, azidikirira panja kapena m'kalasi yapafupi, ndipo aziitanidwa gawo lawo likayandikira. Aliyense akhale ndi thumba lake la zovala, botolo lake la madzi ndi zodzoladzola zake, ndipo adzidzole yekha. Maikolofoni ikamachoka kwa wina kupita kwa wina ipukutidwe. Pakhomo pakhale madzi ndi sopo, ana azisamba m'manja kwa masekondi 20, kapena sanitaiza yokhala ndi mowa wosachepera 60 peresenti.

Oonerera alowe bwanji?

Kudzera pa mayina olembedwa pasadakhale, kuti chiwerengero chisapitirire lamulo. Banja lililonse likhale pamodzi, motalikirana ndi banja lina, ndipo mzere woyamba wa mipando ukhale patali ndi siteji. Fupikitsani sewero kuti pasakhale nthawi yopumira imene imachititsa anthu kuunjikana, ndipo potuluka muzitulutsa mzere umodziumodzi. Kuonetsa sewero maulendo awiri kapena atatu kwa anthu ochepa n'kwabwino kusiyana ndi kudzaza holo kamodzi, bola pakati pa maulendowo holo isiyidwe yotsegula.

Kodi tingajambule sewero n'kuliika pa intaneti?

Mungatero mutapeza zilolezo ziwiri. Choyamba ndi cha eni sewero, popeza chilolezo chochitira sewero pamaso pa anthu kawirikawiri sichiphatikiza kulijambula kapena kuliulutsa, ndipo n'chimodzimodzinso ndi nyimbo zimene zili mmenemo. Chachiwiri ndi cha makolo a mwana aliyense amene adzaoneke. Sewero lolembedwa ndi ophunzira eni ake limachotsa vuto loyambalo.

Nanga mwana wa mbali yaikulu akadwala kutatsala tsiku limodzi?

Akhale kunyumba, ayezetse ngati n'kotheka, ndipo sukulu itsate malangizo a azaumoyo okhudza amene anali naye pafupi. Kunena zimenezi n'kosavuta, koma lingalirani mtsikana amene waloweza mawu ake kwa miyezi iwiri, makolo ake akonzeka kudzamuonera, ndiye wadzuka m'mawa pakhosi pakukanda ndipo thupi latentha pang'ono. Iye akudziwa kuti akanena, sewero lonse lifa ndipo anzake amuloza chala. Mwana woteroyo amabisa, amamwa mankhwala ochepetsa kutentha thupi, n'kubwera.

N'chifukwa chake ndimaona kuti lamulo lakuti wodwala asabwere limayamba kugwira ntchito pa tsiku logawa mbali. Mbali iliyonse yaikulu ikhale ndi anthu awiri oidziwa, amene amayeserera m'magulu osiyana kuti asadzadwalire limodzi, ndipo wachiwiriyo apatsidwe tsiku lake lochita sewero kuti aloweze ndi mtima wonse. Pakhalenso wina woti angalowe m'malo mwa mphunzitsi wotsogolera, wa magetsi ndi wa zokuzira mawu. Ana ndi makolo auzidwe kuyambira pachiyambi, pamaso pa onse, kuti amene wanena msanga za kudwala kwake sadzadzudzulidwa, ndipo kuti akachira adzapatsidwa mpata wochita mbali yake, kaya pa chionetsero china kapena pojambula. Popeza zizindikiro za COVID-19 zikhoza kuonekera pakati pa masiku 2 ndi 14 munthu atatenga kachilombo, tsiku lachiwiri lachionetsero, lodikirira ngati loyambalo litalephereka, liikidwe patadutsa milungu iwiri kapena kuposa, ndipo lilengezedwe pamodzi ndi loyambalo.