Tizikumbu ta m'nkhungu tomwe tinataya mapiko

Pa phiri la Haleakalā, pachilumba cha Maui ku Hawaii, nkhalango ya kumtunda imakhala mu nkhungu pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mitengo yake inavala ndere kuyambira kutsinde mpaka kunthambi. Mukasenda nderezo mumapeza tizikumbu tonyezimira, takuda kapena tofiirira, totalika mamilimita ochepa chabe. Ife ofufuza za tizilombo timatitcha Mecyclothorax, dzina limene David Sharp anapereka mu 1903. Kuchepako kusakunamizeni, ndi alenje amenewa: usana timabisala, usiku timatuluka kukasaka tizilombo tina tocheperapo.

Mu 2015, James Liebherr wa ku yunivesite ya Cornell anawerengera mitundu 116 ya tizikumbuti pa phiri limodzi lomweli, ndipo 74 mwa iyo inali isanalembedwepo. Ku Hawaii konse ilipo 239, yonse yochokera kwa kholo limodzi lomwe abale ake ali ku Australia. Kholo limodzi lingabale bwanji mitundu yambiri chonchi?

Yankho lili pamsana. Khololo linkauluka, koma zidzukulu zake za ku Hawaii zinatsala ndi timapiko tofota pansi pa chigoba. Pamalo ponyowa chaka chonse, pomwe chakudya sichisowa, palibe chothawa, ndiye kukuza mapiko n'kungotaya mphamvu. Tsono kwa kachikumbu koyenda pansi, chigwa chakuya kapena thanthwe louma la chiphalaphala ndi malire osaoloka. A tsidya lino amakwatirana okhaokha, a tsidya ilo chimodzimodzi, ndipo pakapita mibadwo yambirimbiri sakhalanso amodzi. Ena anakhazikika m'masamba oola pansi, ena anakwera kukakhala mu ndere za m'mitengo. Kuwasiyanitsa ndi ntchito yotopetsa maso. Nthawi zambiri timachita kung'amba kachikumbu kakamuna n'kuyang'ana ziwalo zake zoberekera pa maikulosikopu.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mtundu wathunthu umatha kukhala pa kamtunda kamodzi basi. Nkhumba zolowerera zikafukula pansi pa nkhalangoyo, kachikumbu kalibe kothawira. Kuwonjezera apo, Hawaii kale kunalibe nyerere, zinabwera ndi anthu. Nyerere za ku Argentina zinapezeka m'paki ya Haleakalā mu 1967, ndipo m'madera a tchire la kumtunda momwe zinakhazikika, tizikumbu ta komweko tinachepa kwambiri.