Silikoni akasintha mtundu pomukumba, vuto limakhala pati?

Kuno ku Mangochi ma sola ali pa denga lililonse, ena a buluu ena akuda, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti amachita kupenta. Ayi abale anga, palibe penti pamenepo. Mtundu wa silikoni, chinthu chomwe amapangira ma solawa, umachokera pa mmene pamwamba pake palili, ndipo ku mafakitale komwe amapanga tizipangizo ta mu foni ndi mu kompyuta mtundu ukangosintha anthu mitu imaima.

Silikoni wosalala bwino ndi wotuwa, wonyezimira, amabweza kuwala koposa 30 peresenti. Kuti pakhale tinjira ta magetsi amamukumba pang'onopang'ono ndi asidi kapena ndi plasma (mpweya wopatsidwa mphamvu ya magetsi), ntchito ija amati etching. Ndiye kambale ka silikoni kakatuluka kali kofiirira, kakuda kapena ka utawaleza, musathamangire kusintha mankhwala onse, yambani mwauyang'anitsitsa mtunduwo chifukwa ukukuuzani kale pomwe palakwika.

Utawaleza ndiye wosavuta. Pamwamba patsala kakhungu kopyapyala, kawirikawiri ka oxide (kamapangika silikoni akaphatikana ndi oxygen), kuwala kwina kumabwerera pamwamba pake kwina pansi pake, kukakumana mitundu n'kutuluka, monga zimachitikira mafuta a injini ya boti akatayikira pa nyanja. Buluu wa sola uja ndi zomwezi, kungoti iwo amaika dala kakhungu ka silicon nitride ka ma nanomita pafupifupi 75 (milimita imodzi ili ndi ma nanomita miliyoni imodzi). Kuti mudziwe ngati ndi oxide, viikani kambaleko mu asidi wa HF (hydrofluoric acid) wosungunula, mukatulutsa muone madzi. Akamathawa n'kupanga timadontho, oxide wachoka. Akamamatira ponseponse, akadalipo. Koma chonde HF si wosewera naye, amalowa pakhungu munthu osamva kuwawa msanga mpaka kukafika ku mafupa, n'chifukwa chake calcium gluconate, mankhwala othandizira amene HF wamukhudza, amayenera kukhala pafupi nthawi zonse.

Kufiirira kumakonda kubwera mukasakaniza HF ndi nitric acid koma HF n'kuchuluka, kapena mukachedwa nako kambale m'mwamba musanakaviike m'madzi otsukira. Silikoni amasanduka wa timabowo tambirimbiri. Arthur ndi Ingeborg Uhlir anaziona zimenezi ku Bell Labs mu 1956 pamene ankafuna kumusalaza ndi magetsi mu HF.

Kuda ndiye kumandipweteka kwambiri, chifukwa ntchito ya masiku imathera pompo. Mu makina a plasma muli mpweya wa SF6 womwe umadya silikoni, ndi oxygen yemwe amateteza m'mbali kuti dzenje lipite chowongoka. Oxygen akachuluka, kapena pakagwera kafumbi, kapena tizidutswa ta aluminium tochokera pa chophimba chomwe chimateteza malo osayenera kukumbidwa, kalikonse kotsalako kamaphimba malo ake pamene pozungulira pakukumbika, mapeto ake pamamera timinga tothinana tosaoneka ndi maso, kuwala kukalowa pakati pake sikutulukanso, kambale n'kuoneka bii. Opanga sola ena amachita kuzifuna zimenezi kuti dzuwa lisabwerere, koma wopanga chip, tizipangizo ta mu foni tija, ndiye wataya basi.

Zikatero chepetsaniko oxygen pang'ono, chotsani oxide yense musanayambe kukumba, ndipo makinawo muwatsuke mkati. Musinthe chinthu chimodzi chokha pa nthawi n'kuyesa pa kambale kotsalira, mukasintha zitatu limodzi simudziwa chomwe chathandiza.