Mankhwala a cheza olimbana ndi khansa: zovuta zake ndi chisamaliro chofunika pakhomo

Pali chithandizo cha khansa chimene wodwala amamwa kapena kubayidwa mankhwala otulutsa cheza, ndipo mankhwalawo amayenda m'magazi mpaka kukamatirira pa maselo a khansa ndi kuwawononga ali m'kati momwemo. Ena mwa akale kwambiri ndi ayodini-131, amene akhala akugwiritsidwa ntchito pa khansa ya chithokomiro kuyambira m'ma 1940, chifukwa chithokomiro chimakoka ayodini mwachibadwa. Atsopano ndi monga lutetium-177, amene dziko la America linawavomereza pa khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo) mu 2022.

Chezacho chimakhudzanso malo ena amene mankhwala amadutsa. Zopangira malovu zimatha kutupa, m'kamwa n'kumauma ndipo chakudya n'kusintha kakomedwe. Nseru ndi kufooka zimachitika kawirikawiri, koma zimatha. Chimene ife azachipatala timachiyang'anitsitsa kwambiri ndi magazi ndi impso, pakuti cheza chingachepetse maselo oteteza thupi ndi othandiza magazi kuundana. Choncho wodwala akatentha thupi, akamatuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire tsiku limene anamulembera. Mwa apo ndi apo, patapita zaka, pamabuka khansa ya m'magazi, ndipo wodwala ayenera kuuzidwa zimenezi asanavomere chithandizo.

Mbali imene ndimaiona kuti ndi yovuta kuposa zonse kwa anthu athu kuno ku Harare ndi yapakhomo. Mphamvu ya ayodini-131 imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse, ya lutetium-177 pa masiku pafupifupi 7, ndipo mankhwala ambiri amatuluka ndi mkodzo m'masiku oyambirira, ena m'malovu ndi m'thukuta. N'chifukwa chake wodwala amauzidwa kumwa madzi ambiri, kukodza atakhala pansi ngakhale ali bambo, kuthira madzi m'chimbudzi kawiri, kusamba m'manja ndi sopo, kuchapa zovala zake pazokha, kugona yekha ndi kutalikirana ndi ana komanso amayi oyembekezera. Malangizowa ndi osavuta kwa amene ali ndi nyumba yaikulu, koma banja lochita lendi chipinda chimodzi ku Mbare kapena ku Mufakose, kumene chimbudzi ndi cha mabanja angapo ndipo madzi a m'mipope amasowa, liyenera kufotokoza zonsezi kwa dokotala tsiku lolandira mankhwala lisanafike. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, chifukwa dokotala akadziwa angathe kusunga wodwalayo m'chipatala masiku owonjezera, ndipo banja lingatungiretu madzi.

Mwambo wathu wozonda odwala ndi wabwino, komabe sabata yoyamba achibale ndi a kumpingo aimbe foni, ndipo agogo asanyamule zidzukulu pamiyendo. Wodwala apewenso kukhala nthawi yaitali mothithikana mu kombi.

Mayi woyembekezera sapatsidwa mankhwalawa. Woyamwitsa amaleka masabata angapo asanalandire ayodini-131, ndipo sayambiranso kuyamwitsa mwanayo. Mayi amalangizidwa kusatenga mimba kwa miyezi yosachepera 6, ndipo bambo naye amauzidwa nthawi yodikira. Amene akalandire chithandizochi ku South Africa apemphe kalata ya chipatala yotchula mankhwala ndi tsiku, popeza makina a pabwalo la ndege amatha kuzindikira chezacho ngakhale patapita milungu ingapo.