Pantaleon Woyera sanasiye udokotala atakhala Mkhristu

Anthu ambiri akhala akukhulupirira kuti Akhristu oyambirira ankakana mankhwala poganiza kuti kupita kwa dokotala n'kuchepa chikhulupiriro, koma mbiri ya Pantaleon Woyera ikutsutsa maganizo amenewa. Iyeyu anali dokotala mumzinda wa Nicomedia, umene lero uli m'dziko la Turkey, ndipo atabatizidwa anapitiriza ntchito yake, n'kumathandiza amphawi osalandira malipiro. Malinga ndi mwambo wa Mpingo, chomvetsa chisoni n'chakuti madokotala anzake ansanje ndiwo anakamuneneza kwa mfumu. Anamudula mutu cha m'ma 305, pa nthawi imene Diocletian, mfumu ya Aroma, ankazunza Akhristu, chifukwa anakanitsitsa kupereka nsembe kwa milungu ya Aroma. Mpingo umamukumbukira pa 27 Julaye monga nkhoswe ya madokotala.