Kochi salowa m'bwalo, nanga kapitawo akuloweranji?

Amalawi ambiri amene anafika kuno ku Joni zaka zingapo zapitazo tsopano akuyang'anira anzawo. Amene anayamba ndi kutsuka mbale m'lesitilanti ku Fordsburg lero ndiye mkulu wa kukhitchini. Telala wa ku Mayfair ali ndi makina angapo ndi anthu osoka pansi pake. Wina ndi kapitawo pamalo omanga nyumba ku Midrand, wina amalondolera alonda a usiku. Pafupifupi onsewa anakwezedwa chifukwa manja awo ndi achangu ndiponso ndi okhulupirika, koma palibe amene anawakhazika pansi n'kuwaphunzitsa kutsogolera anthu. Ntchito yanga ndi yophunzitsa oyang'anira antchito, ndipo dandaulo limene ndimalimva kwambiri ndi lakuti: "Anthu angawa ndi aulesi, ndikapanda kugwira ndekha palibe chimene chimayenda."

Mawu amenewa amandimvetsa chisoni, chifukwa wowanenayo amakhala atatopadi. Koma taganizirani za kochi wa mpira. Wosewera wake akaphonya chigoli, malamulo samulola kuvula jekete n'kukamenya yekha mpirawo. Chilichonse chimene akufuna kuti chioneke Loweruka ayenera kuchilowetsa m'mitu ndi m'miyendo ya anyamata ake kuyambira Lolemba. Kapitawo alibe lamulo lomuletsa, n'chifukwa chake amalanda mpeni, chipande kapena makina n'kumaliza yekha. Ntchito ya tsikulo imatha, koma wolandidwayo saphunzira kanthu, ndipo mawa adzadikiranso kuti abwana abwere adzachite.

Chitsanzo chimene ndimakonda ndi cha Springboks, timu ya rugby ya dziko lino la South Africa. Mu 2016 inagonja kwa Italy, ndipo mu 2017 New Zealand inaikwapula 57-0. Anthu ankati osewera atha. Rassie Erasmus atatenga timuyi mu 2018 sanathamangitse onse. Siya Kolisi, Eben Etzebeth, Malcolm Marx ndi Tendai Mtawarira analipo tsiku la 57-0 lija, ndipo omwewo analiponso mu 2019 ku Japan pamene anagonjetsa England 32-12 n'kutenga chikho cha dziko lonse. Erasmus anayamba ndi kusonkhanitsa osewera n'kuwafotokozera kaseweredwe kamene akufuna, ntchito ya aliyense, ndi zimene aziyang'ana posankha timu. Munthu ankadziwa chimene akufunidwa.

Pano ndiye pamene malo ambiri a ntchito amagwera. Mukafunsa wantchito kuti, "Kodi ntchito yabwino pamalo pakopa imaoneka bwanji?" ambiri amayankha kuti, "Abwana akapanda kukalipa." Wosewera mpira amaona zigoli ndi nthawi imene yatsala, koma wosoka sadziwa kuti sabata ino pakufunika madiresi angati, angati abwezedwa ndi makasitomala, ndipo abwezedwa chifukwa chiyani. Lembani zimenezi pabolodi pamene aliyense aziona. Sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zokha zimene anthuwo angazisinthe ndi manja awo, monga mphindi zimene chakudya chimatenga kuti chifike patebulo, kapena katundu amene wawonongeka. Musanayambe ntchito m'mawa, imani pamodzi mphindi zisanu, munene za dzulo ndi za lero. Ndaona magulu akusintha ndi kachinthu kameneka kokha.

Masewero oyamba a Erasmus pano pa Johannesburg anali mu June 2018 pa Ellis Park, tsiku limene Kolisi anatsogolera timu koyamba ngati kaputeni. England inatsogola 24-3 masewero atangoyamba kumene. Springboks inabwerera n'kupambana 42-39. Zinthu zikathina, gulu limagwira zimene linazolowera pokonzekera. Ku lesitilanti nthawi yothina ndi Lachisanu madzulo kumapeto kwa mwezi, ndipo imeneyo si nthawi yophunzitsa munthu. Phunzitsani Lachiwiri masana kuli zii. Timu ya mpira imatha masiku ambiri ikukonzekera masewero a mphindi 90, pamene ife kuntchito timaponya munthu watsopano pamoto tsiku loyamba n'kumadabwa kuti akulakwitsa.

Kadzudzulidwe nakonso tingaphunzire. Nthawi yopumulira pa mpira ndi mphindi 15, ndipo kochi wanzeru sayamba kuwerenga zolakwa zonse. Amatola chimodzi kapena ziwiri zimene zingasinthe chigawo chachiwiri. Amanenanso zimene zinachitika, osati mmene munthuyo alili. Kunena kuti "ndiwe waulesi" sikupatsa munthu chogwira. Koma mukati, "Dzulo maoda atatu anachedwa chifukwa anyezi anali asanadulidwe pofika 11 koloko, mawa tiyambe ndi zimenezo," wadziwa choti achite. Nenani tsiku lomwelo kapena mawa lake, muli awiri. Kuyamikira ndiko mungachite pagulu, ndipo kukhalenso kotchula chinthu chenicheni chimene wachita bwino.

Kwa ife Amalawi pali china chovuta. Kawirikawiri kapitawo amakhala wamng'ono, pamene pansi pake pali bambo amene kumudzi angamutche amalume. Ena amaopa kuwauza chilungamo, ena amawakalipira pagulu kuti aonetse mphamvu. Zonse ziwiri zimawononga. Aitaneni pambali, muwapatse ulemu wawo wonse, n'kunena kuti, "Achimwene, khoma ili lapendama, tiligwetse tiyambirenso." Ulemu ukhalepo, muyezo wa ntchito usatsike.

Nkhani ya kwathu ili ndi mbali inanso imene ndiyenera kuinena mosabisa. Magulu ambiri kuno ndi osakanikirana: a dziko lino, a ku Zimbabwe, a ku Mozambique, a ku Lesotho. Kapitawo akamapereka malangizo m'Chichewa kwa abale ake, enawo n'kumangomva mphekesera, kapena akamapatsa ovataimu ndi masiku abwino opuma kwa a kumudzi kwawo okha, gululo lagawanika kale. Pitso Mosimane atatenga Mamelodi Sundowns mu December 2012, timuyo inali kumunsi kwa ligi. Mu 2014 inatenga ligi, ndipo mu 2016 inatenga chikho cha CAF Champions League itagonjetsa Zamalek ya ku Egypt. Pagolo panali Denis Onyango wa ku Uganda, kutsogolo Khama Billiat wa ku Zimbabwe, kaputeni anali Hlompho Kekana wa konkuno. Malo m'timu ankabwera ndi kaseweredwe ka munthu. Antchito amaona msanga ngati abwana ali ndi okondedwa awo, ndipo akangoona, amasiya kulimbikira.

Tsopano za a pabenchi. Mu 1996 pa FNB Stadium, Bafana Bafana, timu ya mpira ya dziko lino imene kochi wake anali Clive Barker, inatenga chikho cha Africa itagonjetsa Tunisia 2-0, ndipo zigoli zonse ziwiri anamwetsa Mark Williams, amene analowa kuchokera pabenchi. Mu 2019 Erasmus anapanga benchi kukhala chida chenicheni: mwa osewera 8 odikira, 6 anali a mphamvu a kutsogolo, amene ankalowa adani atatopa. Ankawatcha Bomb Squad, ndipo kukhala m'gulu limenelo kunali ulemu. Funso langa kwa inu ndi lakuti, wophika wanu wamkulu atalandira foni ya maliro ku Mangochi kapena ku Mzimba usiku uno, n'kukwera basi mawa, ndani angaime pamalo pake sabata ziwiri? Nanga mu December anthu akamapita kumudzi? Pa ntchito iliyonse yofunika pakhale anthu awiri oidziwa. Wotsuka mbale mumupatse ola limodzi pa sabata aime pafupi ndi wophika. Ena amaopa kuti akaphunzitsa munthu adzawalanda udindo, koma zimene ndaona ine n'zakuti mwini kampani amakweza kapitawo amene gulu lake limayenda iye kulibe.

Pali malire pamene mpira ndi ntchito zimasiyana, ndipo apa ndikupempha kuti musamale. Kochi angathe kusiya wosewera panja Loweruka popanda kufunsidwa ndi aliyense. Inu simungachotse munthu ntchito mwanjira imeneyo. Lamulo la Labour Relations Act la 1995 limafuna kuti munthu amene sakukwanitsa ntchito auzidwe muyezo umene akuyenera kufikira, aphunzitsidwe ndi kulangizidwa, apatsidwe nthawi yokwanira yoti asinthe, ndiponso amvedwe mbali yake asanachotsedwe. Wochotsedwa ali ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo kumeneko amamva nkhani ya nzika ndi ya mlendo yemwe. Choncho khalani ndi kabuku. Lembani tsiku limene munakambirana, chimene munagwirizana, thandizo limene munapereka, ndi tsiku lodzaonanso.

Kupuma nakonso kuli m'lamulo. Basic Conditions of Employment Act ya 1997 imati maola a ntchito wamba asapitirire 45 pa sabata, ovataimu isapitirire maola 10 pa sabata ndipo ilipidwe kamodzi ndi theka, munthu apume maola 12 pakati pa tsiku ndi tsiku, ndi maola 36 otsatizana pa sabata. Makochi amapumitsa osewera awo abwino chifukwa amadziwa kuti mwendo wotopa ndi umene umavulala. Kuntchito timachita zosiyana: amene ali wodalirika ndiye timamuunjikira mashifiti mpaka adwale kapena atisiye. Mukamakonza ndandanda ya sabata yamawa, yambani mwaona kuti munthu wanu wodalirikayo anapuma liti komaliza.