Pamtanda sipanatsale ngongole yoti inu mumalize

Lamulungu lapitali, titaweruka mapemphero a m'mawa, mnyamata wina wa kwaya anandidikirira pakhomo la tchalitchi. Anaika manja kumbuyo n'kufunsa mwaulemu kuti, "Abusa, mbewu yoti Mulungu anditsegulire ntchito iyambire zingati?" Ankafunsa ngati mmene munthu amafunsira mtengo wa thumba la simenti. Funso limeneli ndalimva kosawerengeka pa zaka zimene ndatumikira muno mu Mzuzu. Ndalimva kwa amayi a geni mumsika waukulu, kwa ophunzira a ku yunivesite ku Luwinga, ngakhale kwa akulu a mpingo amene ndinkayesa kuti katekisimu anamugwira kalekale. Landitopetsa, abale anga, ndipo mbali ina likundiopsa, chifukwa ndaona kumene limathera.

Mbewu yotero kulibe. Chisomo, chimene anzathu olankhula Chitumbuka amati uchizi, ndi kukoma mtima kumene Mulungu amachitira munthu wosayenera, wopanda chobweza. Mukangochiikira mtengo, dzina lake lasintha, asanduka malonda. Paulo polembera Aefeso, mutu 2 ndime 8 ndi 9, akuti chipulumutso ndi mphatso ya Mulungu, chosachokera ku ntchito, kuti wina asadzitamandire. Ndime imeneyi ana a Sande sukulu amailoweza pamtima. Chondidabwitsa n'chakuti akakula n'kuyamba kugwira ndalama amaiiwala.

Tiyeni tiime pang'ono pa mtanda weniweniwo, chifukwa tinauzolowera kwambiri pa mikanda ya m'khosi ndi pa zitseko za minibasi. Kwa Aroma mtanda unali chilango cha akapolo, achifwamba ndi oukira boma. Munthu ankapachikidwa poyera, m'mbali mwa njira, atamuvula, kuti odutsa aone n'kuchita mantha. Kwa Myuda zinali zoipa koposa apo, pakuti Deuteronomo 21:23 amati wopachikidwa pamtengo ngwotembereredwa. Yesu anafa imfa imeneyi pansi pa Pontiyo Pilato, amene analamulira Yudeya kuyambira chaka cha 26 mpaka 36. Ndipo Paulo pa Agalatiya 3:13 sakubisa manyaziwo. Akuti Khristu anatiwombola ku temberero posanduka temberero m'malo mwathu. Tsono wina akakuuzani kuti pabanja panu pali temberero la makolo lofunika envelopu kuti lithyoke, mufunseni kuti nanga lija Yesu analisenza pa Gologota linali liti.

Mawu amene Yohane anamva kwa Yesu asanapereke mzimu ndi amodzi: "Kwatha." Sanati "ndayambako, otsala mudzamaliza." Pa Akolose 2:14 chithunzi chake n'chomveka kwa aliyense amene anakhalapo mu banki mkhonde kapena anagwidwapo ndi katapila: panali kalata ya ngongole yotitsutsa, Mulungu anaifafaniza n'kuikhomera pamtanda. Munthu amene akukuuzani kuti muonjezere kenakake pamwamba pa zimenezi akunena kuti magazi a Khristu anaperewera, kaya iye mwini akudziwa kapena ayi.

Ganiziraninso wachifwamba uja wopachikidwa pambali pa Yesu, pa Luka 23. Manja ake anali okhomedwa. Sakanatha kupisa m'thumba, kusala kudya masiku 21, kapena kukwera phiri kukapemphera. Anangopempha kuti akumbukiridwe, ndipo anauzidwa kuti tsiku lomwelo adzakhala m'Paradaiso.

Bodza ili si lachilendo ayi. Simoni wamatsenga wa ku Samariya anatengera atumwi ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera, ndipo Petro anamuyankha mwaukali kuti ndalama yakeyo iwonongeke naye pamodzi. Elisa anakana mphatso za Namani atachira khate. Gehazi, mnyamata wake, atathamangira mphatsozo mobisa, khatelo linamugwera iyeyo. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analimbana ndi chiphunzitso cha Pelagius chokweza mphamvu za munthu pamwamba pa chisomo, ndipo msonkhano wa ku Carthage unachikana mu 418. Mu 1517 Martin Luther anadzudzula kugulitsa zikalata za chikhululukiro kumene ankalalikira Johann Tetzel. Sindikutchula izi kuti ndidzutse mkangano wa Akatolika ndi ife ena. Mu 1999, ku Augsburg, Akatolika ndi Alutheran anasainirana chikalata chovomereza pamodzi kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha. Chimene mipingo ikuluikulu inakanganirana zaka zoposa mazana anayi n'kufika pogwirizana, lero chikugulitsidwanso m'makalasi a sukulu obwereka Lamulungu masana, mu timabotolo ta madzi ndi ta mafuta.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe si mbiri. Ndi mayi wina amene ndinamuika m'manda, ndipo nkhani yake sinandichokebe.

Anali telala, wamasiye, wa ana atatu, ankasoka mayunifomu a ana a sukulu pakhonde la nyumba yake. Anakhala pa ma ARV zaka zambiri ali bwinobwino, wojintcha, wosajomba ku gulu la amayi. Kenaka anayamba kusowa. Ndinamva kuti akupita ku mapemphero a usiku kwa mneneri wina, ndipo ine ndinati mumtima, asiyeni, anthu amapita n'kubwerera. Apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinadutsa pafupi ndi nyumba yake kangapo osapatuka.

Zimene zinachitika ndinazimva mochedwa, kwa mwana wake wamkulu. Mayiyo anauzidwa kuti kachilomboko ndi chiwanda, ndipo kuti afese mbewu m'zigawo zitatu. Chigawo choyamba anapereka ndalama ya mpamba. Atapita kukayezetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, zotsatira zinati sikakuoneka. Anatenga pepalalo n'kukachitira umboni pamaso pa gulu, anthu akululutira. Apa ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri akugwera pomwepa. Zotsatira zoti kachilombo sikakuoneka sizitanthauza kuti katha. Zimatanthauza kuti mankhwala akugwira ntchito, akapanikiza mpaka makina sakutha kukawerenga, koma kadakabisala m'thupi. Munthu akasiya kumwa, kamayambanso kuswana m'milungu yochepa. Pepala limene mayiyu ananyamula linali umboni wa kukhulupirika kwake pa mankhwala, koma analiwerengera ngati chilolezo choti awataye. Anamuuza kuti kupitiriza kumwa n'kukayikira Mulungu. Mabotolo anaponyedwa m'chimbudzi. Chigawo chachiwiri cha mbewu chinadya makina osokera.

Nditaitanidwa, ndinamupeza m'wodi, ataonda moti ndinayamba ndamudutsa. Chifuwa chachikulu chinali chitalowa kale. Kunja kunali mvula ya mawawa ija ya kuno, yosakata. Mwana wake, yemwe anali gadiyani, anandipatsa mpando. Mayiyo sanandifunse ngati achira. Anandigwira dzanja n'kunena motsitsa kuti, "Abusa, chigawo chachitatu chija sindinamalize. Kodi Mulungu andilandira?"

Ndakhala pambali pa anthu ambiri akutsirizika, koma funso limeneli linandilasa mwa mtundu wina. Anamulanda mpamba, makina ndi thanzi, kenaka n'kumulandanso mtendere wofera nawo. Mkhristu wobatizidwa, wodya Mgonero wa Ambuye zaka zonsezo, ankaopa kuti akafika pakhomo adzabwezedwa chifukwa cha ndalama yotsala. Ndinati, "Mayi, palibe chimene chatsala. Analipira ndi Yesu, ndipo analipira zonse." Ndinamuwerengera za wachifwamba uja, kenaka Aroma 8, pamene akuti ngakhale imfa singatilekanitse ndi chikondi cha Mulungu. Anatseka maso, milomo ikutsatira mawuwo. Anamwalira patapita masiku anayi. Amene analandira mbewu uja sanaoneke ku chipatala, ngakhale pa maliro. Anangotumiza uthenga woti mayiyo chikhulupiriro chinamuchepera.

Ndi mmene amachitira nthawi zonse, ndipo muzizindikire. Mukachira, ulemu ndi wawo. Mukafa, mlandu ndi wanu.

Anthu otere amakonda kugwira mawu a kuuka kwa akufa. Amati mphamvu imene inaukitsa Yesu ili mwa inu, ndiye simungadwale, simungasauke. Werengani nokha 1 Akorinto 15, kalata imene Paulo analemba patangopita zaka pafupifupi 20 Yesu atapachikidwa. Akutchula Kefa, ndiye Petro, khumi ndi awiriwo, abale oposa 500, n'kuwonjezera kuti ena mwa iwo anagona kale. Anthu amene anaona Yesu wouka ndi maso awo anamwalira ndithu. Paulo akutcha Khristu chipatso choyamba kucha. Mlimi aliyense akudziwa kuti akathyola mondokwa woyamba, munda wonse sunakololedwe, koma akudziwa kuti kukolola kukubwera. Kuuka kwa Yesu ndi chikole chakuti imfa sidzakhala ndi mawu otsiriza pa matupi athu. Si lonjezo loti shuga, BP kapena khansa zidzatilambalala chaka chino. Yesu woukayo anaonetsa Tomasi zipsera za misomali, sanazibise.

Paulo yemweyo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo yankho linali lakuti chisomo chikumukwanira. Anasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Analangiza Timoteo zoti azimwa chifukwa cha m'mimba ndi kudwaladwala kwake. Ankayenda ndi Luka, amene pa Akolose 4:14 akumutcha sing'anga wokondedwa. Kodi onsewa chikhulupiriro chinawachepera? Ndipo ife a kumpoto kuno tisaiwale kumene tachokera. Robert Laws, amene anakhazika mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, anali mbusa komanso dokotala. Kale mu 1876 ku Cape Maclear anachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform. Uthenga wa mtanda unafika m'dziko muno utanyamula Baibulo ndi bokosi la mankhwala pamodzi. Amene akukuuzani kuti musankhe chimodzi akubweretsa chinthu chimene makolo athu m'chikhulupiriro sanachidziwe.

Wina anena kuti, ndiye abusawa akuletsa kupereka ndi kupempherera odwala? Ayi. Perekani chakhumi, thandizani amasiye, mangani tchalitchi, koma ngati munthu wothokoza, osati ngati wogula. Odwala ndimawapempherera sabata iliyonse, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Koma onani dongosolo la pa Yakobo 5:14. Wodwala amaitana akulu a mpingo, iwo ndi amene amabwera, amapemphera, amamudzoza mafuta. Palibe ndalama yoonera munthu wa Mulungu, palibe mzere wa olemera ndi mzere wa osauka. Yesu potuma ophunzira ake anati analandira kwaulere, apatsenso kwaulere.

Tsono mverani, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu, a shuga, a BP kapena a khunyu, tulukani pomwepo, ngakhale atchule dzina la Yesu kangati. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa miyezi 6 yathunthu. Kusiyira panjira chifukwa mwayamba kupeza bwino kumabala chifuwa chosamva mankhwala. Amayi, chotupa cha m'bere kapena kutaya magazi kosadziwika bwino si zoyamba mwazungulira nazo m'mapiri miyezi isanu. Khansa ya khomo la chiberekero ikapezeka msanga imachizika, ikachedwa madokotala amangochepetsa ululu. Pitani kuchipatala Lolemba, ife tikupemphererani Lamulungu, ndipo tibweranso ku wodi. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ngati Mulungu wakuchiritsanidi, dokotala adzaona yekha, ndipo ndi iye amene adzakuuzeni zosiya mankhwala, osati munthu wa maikolofoni.

Ndipo inu akulu a mpingo, amayi a m'magulu, atsogoleri a milaga ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa, ku Chiputula: munthu akasowa milungu iwiri, pitani. Musachite zimene ndinachita ine. Mukafika musangofunsa za moyo wauzimu. Funsani mwachikondi ngati akumwabe mankhwala, ngati makina adakalipo, ngati ana akupita kusukulu.

Kwa inu amene mwasiya kale mankhwala ndipo manyazi akukugwirani kubwerera: ma ARV m'zipatala za boma ndi aulere kuyambira 2004, ndipo anthu obwerera atasiya amalandiridwa. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala mawa m'mawa. Mukawauze zoona, tsiku limene munasiya ndi zimene mwakhala mukumwa m'malo mwake, kuti adziwe poyambira. Ngati miyendo ikulemera, uzani mkulu wa mpingo kapena mbusa wanu akuperekezeni. Ine ndaperekezapo angapo, ndipo ndimakhala nawo pa benchi mpaka dzina lawo litaitanidwa.