Njere za malambe siziphetsa nzeru za masamu

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu omwewa kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Akuti mwana wowerengera timiyala, timitengo kapena zala sadzadziwa masamu a m'mutu, ndipo mphunzitsi wouza ana kuti abwere ndi zitsekerero za mabotolo akungotaya nthawi. Zanditopetsa, chifukwa si zoona.

Mwana wa Sitandade 1 akaona 7 pa bolodi, kwa iye ndi kachizindikiro chabe. Akagwira njere zisanu ndi ziwiri za malambe m'manja, m'pamene 7 uja amakhala ndi tanthauzo. Amayamba ndi zogwirika, kenako zojambula, pomaliza manambala okhaokha. Njerezo amazisiya akamvetsa.

Yesani nokha kunyumba. Mangani timitengo m'mitolo ya khumikhumi. Ikani mitolo itatu ndi timitengo tiwiri, imeneyo ndi 32. Muuzeni mwana achotsepo 17. Aona kuti pa tiwiri sangachotsepo 7, ndiye amasula mtolo umodzi kuti timitengo tosamanga tikhale 12, achotsapo 7 ndi mtolo wina umodzi, n'kutsala ndi 15. Kumasula mtoloko ndiko "kubwereka" kuja, kumene ambirife tinangoloweza osamvetsa chimene tikubwerekacho. Pakapita masiku angapo akuchita izi, mupatseni samu yofanana popanda timitengo, muone.

Ngakhale agogo amene amawerengeratu mabowo a bawo m'mutu anayamba ndi kuponya njere imodziimodzi.

Mukamva wina akunena pamsika kapena pa WhatsApp kuti mwana wowerengera timiyala kapena zala sadzadziwa masamu a m'mutu, chonde musafalitse musanayese ndi mwana wanu kapena kufunsa aphunzitsi ake.